Dzina Langa Pandege ya Malemu

Amene andilakwira ndi a Ikuo Serizawa, eni kashopu ka ndege zapulasitiki kuseri kwa siteshoni ya Shimizu. Ndawatchula dzina lonse kuti pasapezeke wina wofunsa kuti ndani. Atsegula bokosi la malemu amuna anga. Ndinawapatsa kuti amate kona imene inang'ambika, kona yokha basi. Iwo n'kung'amba kajumbo kamene kanakhala komata zaka makumi anayi ndi ziwiri, n'kulumikiza ndegeyo, n'kuipenta. Lero ndi Lachisanu. Lamlungu mwana wanga Naoto akubwera kuchokera ku Yokohama kudzachita chikumbutso cha bambo ake, ndipo chinthu chimodzi chimene akufuna kubwerera nacho ndi bokosi lomwelo, losatsegula.

Ine ndine Tomie Unno, mkazi wamasiye, zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Sukulu ndinalekeza msanga n'kupita kukathyola tiyi kumapiri, ndiye mawu okometsera ndilibe. Ndikalemba mokhota, werengani mokhota momwemo. Chondizunguza mutu n'chakuti bambo andilakwirawa ndi omwewo amene amandichititsa kuyang'ana pagalasi kawiri ndisanatuluke m'nyumba.

*

Malemu, bambo a Naoto, anali ndi mabokosi a ndege zankhondo odzaza kabati yonse. Zofunda zanga zinkagona pansi, ndege zikugona m'kabati. Anamanga zingati? Ndi imodzi yomwe. Ankangotsitsa bokosi, kulipukuta, kuyang'ana chithunzi cha pachivundikiro, kuligwedeza pang'ono kuti amve tizidutswa tikulira mkatimo, n'kulibweza.

"Mumanga liti, inu?"

"Ndikapuma pantchito."

Anapuma.

"Mumanga liti?"

"Maso akakhala bwino."

Maso sanakhale bwino. Anatsinzina ulendo umodzi.

Maliro atatha ndinamanga mabokosi aja ndi chingwe, n'kuwakweza panjinga, ulendo wa kukashopu kaja. Ndinasiya limodzi lokha, la ndege yonenepa yotchedwa Raiden, chifukwa Naoto anati, "Amayi, ilo lokha musakhudze. Bambo ankati tidzatsegula awiri." Ndinaliyika paguwa la malemu m'chipinda chochezera, pafupi ndi chithunzi chawo ndi mbale ya lubani.

A Ikuo ndinawapeza atawerama patebulo, atavala magalasi awiri, ena pamwamba pa anzake. Munthu wowonda, wamasiye ngati ine, zala zonse penti.

"Bambo, chotsani zinyalalazi pamaso panga."

Anamasula chingwe pang'onopang'ono ngati akuvula khanda.

"Mayi, izi si zinyalala. Izi sazipanganso."

"Nanenso sandipanganso, koma palibe anandipukutapo fumbi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenako anatereka madzi. Tiyi wake anali wowawa ngati mankhwala a malungo, ndipo ndinawauza pomwepo. Sabata yotsatira ndinapita ndi masamba anga kuti ndikawaphunzitse kupanga tiyi. Kuphunzitsako kwatenga chaka ndi theka.

*

Bamboyu kulankhula sadziwa. Mauthenga ake a pafoni ndiye osanena. M'mawa: "Lero chinyontho. Penti sakuuma." Ine: "Ndiye ndichite chiyani?" Iwo: "Palibe. Ndimangokuuzani." Masana: "Mwadya?" Ine: "Ndadya." Patapita ola lathunthu: "Chabwino." Kodi chimenechi n'chibwenzi? Ndikufunsa chifukwa pamene malemu ankandifuna kunalibe zamafoni. Anabwera ndi amalume awo, anthu anamwa tiyi, nkhani n'kutha.

Mwezi wa Meyi anandiitana kuchionetsero cha ndege ku Shizuoka. Ndinavala bulauzi imene ndinkasungira ukwati wa anthu. Tinakwera sitima, iwo kuyang'ana pawindo njira yonse ngati phiri la Fuji lasamukira kwina. Muholomo munali amuna aimvi okhaokha, aliyense atawerama pa kandege kake. Mnzawo wina wadazi anatiimitsa.

"Serizawa! Iwe wa mphwayi iwe, wabwera ndi munthu lero? Mayiwa ndani?"

Ndinaima mowongoka, makutu tcheru. Ndinati lero ndimva chimene ndili.

"Awa ndi... amandiphunzitsa tiyi."

Wadazi uja anaseka mpaka kugwira tebulo. Ine bulauzi inayamba kundiyabwa. Pobwerera sindinawalankhule. Titatsika sitima anandigulira manachesi thumba lonse, n'kundinyamulira mpaka pakona ya msewu wathu, n'kuima pamenepo ngati pali mpanda.

"Mwakwiya, mayi?"

"Mphunzitsi sakwiya. Pitani mukawerenge."

Anapitadi. Mwamuna wanji ameneyu.

*

Koma alipo amene anaona kuti n'chibwenzi ine ndisanaone. Harumi Konagai, wophika oden, mazira ndi nyama zowiritsa mu msuzi, pakhomo loyandikana ndi shopuyo. Amandichepera zaka zisanu ndi ziwiri ndipo amaonetsetsa kuti ndisaiwale. Milomo yofiira ngati wadya nyama yaiwisi. Ndikangokhala pansi, uyo walowa ndi kapoto kofuka nthunzi.

"A Ikuo, ndakusungirani dzira ndi kanyama kofewa, mano anu ndimawadziwa. Aa, mayi a Naoto, muli pano? Ndimayesa ndi katundu wakale amene wangofika."

"Wakaleyo ndi amene amafunidwa muno, asisi. Afunseni eni shopu."

A Ikuo mutu pansi, kumangopala phiko la ndege ngati agontha. Oden anadya, tiyi wanga anamwa, mbali osasankha.

Mvula ya mu Juni itayamba, chinyontho chinalowa m'nyumba mwanga, kona ya bokosi la Raiden n'kung'ambika. Ndinalikulunga m'nsalu n'kupita nalo.

"Mumate apa pokha. Ndi la mwana wanga."

Analilandira ndi manja awiri, n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha pachivundikiro.

"Zaka zonsezi sinaoneko kunja?"

"Mwini wake ankadikira maso."

"Nanga inu munkadikira chiyani?"

"Bambo, matani kona."

*

Lachitatu lapitali foni inalira ndikutsuka mpunga. Naoto.

"Amayi, ndamva zinthu."

"Uli ndi makutu, uzimva zinthu."

"Akuti tsiku ndi tsiku mumakhala kwa mkulu wina wogulitsa zidole."

"Si zidole."

Mawu amenewa anatuluka okha. Ine, amene moyo wonse ndinkazitcha zinyalala.

"Ndiye n'zoona. Amayi, bambo zaka ziwiri sizinakwane n'komwe. Mkazi wanga walandira chithunzi pafoni, inu muli m'shopumo, mukuseka kukamwa yasa."

"Watumiza ndani?"

"Zimenezo zilibe ntchito."

Sindinafunsenso. Chithunzi chojambulidwa pawindo la wophika oden chimanunkha msuzi.

"Tamverani, amayi. Anthu amenewa ndimawadziwa, amanyengerera akazi amasiye kuti atenge zinthu za amuna awo. Mabokosi ena aja munapereka, sindinalankhule. Koma Raiden ndi wanga. Mukukumbukira mmene ndinkalirira ndili mwana kuti titsegule? Bambo ankati ndikule kaye. Ndinakula, iwo n'kupita. Tsopano ndikufuna ndidzang'ambe kajumbo kaja ndi mwana wanga Mio, ndi manja athu. Ndamulonjeza kale."

Iye akulankhula choncho, ine madzi a mpunga akutayikira pansi.

"Lamlungu wansembe akamaliza mapemphero ndidzalitenga. Ndikapeza kuti mkuluyo wakhudzako, nyumbayo tikutseka, mukubwera kuno. Chipinda chilipo."

Chipindacho ndimachidziwa. Nsanjika yachisanu ndi chinayi, windo loyang'ana khoma la anthu ena, mpongozi akuyenda monyang'ama kuti ndisadzuke. Kumeneko munthu amauma ali moyo.

"Bokosi lili bwinobwino," ndinatero. Ndipo ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo.

*

Dzulo m'mawa ndinali pakhomo la shopu asanatsegule n'komwe.

"Bokosi langa."

Nkhope yawo inagwa. Analowa kuseri, n'kutuluka nalo. Kona anamata bwino zedi, pomata osaoneka. Ndinalinyamula. Lopepuka. Ndinaligwedeza. Zii.

"Zamkatimu zili kuti?"

Anangochotsa kansalu kamene kanavundikira chinthu china patebulo.

Ndege. Yonenepa, yobiriwira pamsana, yotuwa kumimba, dzuwa lofiira paphiko lililonse. Mkati mwa kagalasi munali kamunthu kovala chisoti, kochepa ngati nyemba. Anapenta ndi mwaye womwe pamene pamatulukira utsi. Zaka zonse zija ndinkangomva tizidutswa tikulira, osadziwa kuti ndi chimenechi chinkalira. Inali yokongola. Ndikunena poyera kuti musanditche wabodza. Kukongolako ndi kumene kunandipsetsa mtima kwambiri.

"Ndinati chiyani ine? Ndinati kona kapena ndinati ndege?"

"Munati kona."

"Ndiye m'makutu mwanumo munalowa guluu?"

"Ndinamva bwinobwino, a Tomie."

Kanali koyamba kunditchula dzina. Ndinafuna kuwaswa ndi bokosi lomwelo.

"Nditamata kona ndinangoti ndisuzumire. Ndinaona phiko limodzi layamba kupindika. Pulasitiki ikakalamba imauma, imaphwanyika yokha mumdima. Zaka zisanu zikubwerazi bwenzi mulibenso ndege, muli zinyenyeswa zokhazokha. Ndiye ndinati..." Anayang'ana ndege ija. "Ndinati chinthu chisamadikire mpaka kutha."

"Musandilalikire. Ndine mzimayi ine, sindine bokosi."

"Sindinanene choncho."

"Munaganiza."

Sanakane.

"Mukudziwa kuti mwana wanga walonjeza mwana wake kuti adzatsegula awiri? Mukudziwa kuti Lamlungu akapeza izi, ine akundinyamula ngati mtolo kupita ku Yokohama?"

Anakhala pampando ngati wina wawakankha. "Simunandiuze."

"Ndikanakuuzani bwanji za nyumba yanga, ine mphunzitsi wa tiyi?"

Ndinawerama kuti ndione bwino chimene chandiphetsacho. Pansi pa kagalasi panali tizilembo toyera, ting'onoting'ono. Ndinawalanda magalasi amodzi pamphuno n'kuvala. Panalembedwa kuti Tomie.

"Ichi n'chiyani?"

"Timapepala ta zizindikiro tija, timene timanyikidwa m'madzi kuti timatike pandege, tinali takale kwambiri. Nditangotiyika m'mbale tinanyenyeka ngati phulusa. Ndinachita kujambula zonse pamanja ndi burashi. Dzuwa, mizere, nambala. Nditafika apa, dzanja linalemba zimenezo."

"Dzanja."

"Ee."

"Dzanja lanu lili ndi mutu wakewake? Dzina la mkazi wa mwini, pandege ya mwini, mwini wake ali paguwa, mwana wake akubwera Lamlungu!"

"Ndingathe kufufuta."

"Musayerekeze!"

Ndinadzimva ndekha ndikukuwa choncho, n'kudabwa kuti wakuwayo ndani. Tinayang'anizana ngati anthu awiri amene akwera sitima yolakwika. Ndinkafuna afufute kapena asafufute? Mpaka pano sindikudziwa. Ndinapana bokosi kukhwapa, ndege m'manja, n'kutuluka. Panja Harumi anali akusesa pamalo posesa kale.

"Mayi a Naoto, akugulirani chidole? Chikukuyenerani."

*

Kunyumba ndinagwada paguwa, n'kuyatsa lubani, n'kuimika ndege patsogolo pa chithunzi.

"Bambo a Naoto, nayo ndege yanu. Mwaiona? Wakumangirani ndi mwamuna wina. Zikukupwetekani? Zikupwetekeni. Mukanamanga nokha, sibwenzi ine ndikusowa mtengo wogwira chonchi."

Chithunzi chinangomwetulira monga mwa masiku onse. Ndinachotsa ndege n'kuibisa m'kabati. Ndinaitulutsanso, poti mumdima yakhalamo kale mokwanira. Ndinaiyika pamwamba pa firiji, n'kuichotsanso. Ndinayesa kuthira nyemba zouma m'bokosi kuti lizilira ngati kale. Linaliradi. Koma Naoto si chitsiru, adzakweza chivundikiro. Nyembazo ndinaphika.

Foni inalira, uthenga wa a Ikuo. "Pepani." Sindinayankhe. Inaliranso. "Mwadya?" Ndinalemba kuti mutsamwe ndi guluu wanuyo, n'kufufuta, n'kulemba kuti ndadya.

*

Lero m'mawa ndikuyanika zovala ndamva "Odi!" Harumi pakhomo panga, munthu amene sanapondepo kuno ngakhale pamaliro. Milomo yofiira, phukusi la nsalu yabuluu m'manja. Wavula nsapato ndisanamuuze kuti alowe.

"Sindikhalitsa, asisi. Ndamva kuti mwagwira njakata."

"Mwamva, kapena munamata khutu kukhoma?"

"Khoma lake n'lopyapyala, pakamwa panu n'papakulu. Mlandu ndi wanga?"

Wakhala pamphasa n'kumasula nsalu. Bokosi la Raiden. Chithunzi chomwecho, mitambo yomweyo. Wakweza chivundikiro. Kajumbo komata, tizidutswa tonse pamalo pake, timapepala ta zizindikiro tili gone pansi pake.

"Mwalitenga kuti?"

Walitembenuza. Kumbali kwake, ndi pensulo, tsiku logula ndi dzina loti Unno. Zilembo zopendekera ngati mpunga wogwa ndi mphepo. Dzanja la amuna anga ndingalidziwe ngakhale pakati pa manja chikwi.

"Anthu a ndegewa amagula ziwiriziwiri, simudziwa? Ina yomanga, ina yosunga. Ndiye kunyumba kukachuluka kulongolola, yachiwiriyo amakaisungitsa kumene amalandiridwa ndi nkhope yabwino. A Tatsuo anandisungitsa ili Naoto akadali kusekondale."

A Tatsuo ndi amuna anga. Ine ndemwe sindinkawatchula dzina choncho. Iye walitchula ngati akunyambita supuni.

"Ankabwera kudzatani kwanu?"

"Kudzadya oden. Kudzapukuta bokosi lawo. Zinazo afunseni eni ake, si awo ali paguwapo?"

Ndayang'ana tsache. Ndayang'ana mutu wake. Kenako ndakhala pansi.

"Mukufuna chiyani, Harumi?"

"Ine? Kukuthandizani, asisi. Tengani bokosili. Mwana wanu alipeza paguwa Lamlungu lili lomata, awerama n'kupepesa amayi ake, abwerera ku Yokohama, inu mukhala m'nyumba mwanu mpaka kufera momwemo. Kandege kadzina kaja mukaponye padoko. Ndipo kushopu kuja musadzapondekonso. Tiyi nanenso ndimadziwa kupanga."

"Ndikakana?"

"Nambala ya mpongozi wanu ndili nayo. Dzulo mukutuluka ndi ndege m'manja munaoneka bwino kwambiri pachithunzi."

Wakulunganso bokosi, wamanga mfundo ziwiri, wavala nsapato zake mosafulumira.

"Mawa dzuwa likafika paliwombo ndidzakhala pakhomo panga. Mukadzabwera, bwerani ndi nsalu yanu, yangayi ndimaifuna."

Atangokhota pakona ndalembera a Ikuo.

"Bokosi lachiwiri la kwa Harumi munkalidziwa?"

Ulendo uno sanadikire ola.

"Ndinkalidziwa."

"Osandiuza bwanji?"

"Chinsinsi sichinali changa. Musalilandire. Lamlungu ndibwera ndekha kudzalankhula ndi Naoto."

Kudzalankhula! Munthu amene analephera kuuza wadazi mmodzi kuti ine ndine ndani, akalankhule ndi mwana wolusa, pamaso pa wansembe ndi abale onse a malemu? Ndalemba kuti musabwere. Ayankha kuti abwera. Ndalemba kuti galu wa oyandikana nawo amaluma. Ayankha kuti abwera basi.

Ndiye ndili pano, zovala theka zili pachingwe, theka m'beseni. Sindikudziwa kuti ndiyambe kukwiyira ndani. Wakufa amene ankapukuta fumbi kunyumba ya mkazi wina? Wamoyo amene anaba tsiku la mwana wanga ndi mdzukulu wanga, n'kulembapo dzina langa bwinobwino moti ndikulephera kusiya kuliyang'ana? Ndikalandira bokosi lija, nyumba ndi mwana n'zanga, koma Lamlungu ndidzagwadira chinthu chonunkha msuzi wa Harumi, ndipo Lolemba sindidzakhala ndi kopita ndi masamba anga a tiyi. Komanso a Ikuo akadzangotulukira pakhomo, bodza lonse lidzagwa pomwepo. Ndikakana, Naoto adzawerenga tizilembo toyerato ndi maso ake, n'kuyamba kundilongedzera zovala.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, musangopukusa mutu n'kutembenuza tsamba ngati simunamve. Zoti mayi pempherani ndi zoti mtima ukuuzani, sungani, mtima wanga ukunena zinthu zitatu nthawi imodzi. Mawa masana Harumi akhala pakhomo pake. Ndipite ndi nsalu kapena ndisapite? Ndiyankheni!